MABULEKI A NGOLO PA MSEWU WOTERERA

Nkhani iyi idakambidwa pa wailesi kumayambiriro kwa dzinja. Taisindikiza pano monga momwe idakambidwira, kuti amene sadaimve aiwerenge, ndi kuti amene adaimva aisunge.

Madzulo ano ndikukupemphani kuti mutsike nane ku Chigwa cha Shire, tikafike pa Bangula m'boma la Nsanje. Nkhani yathu ndi ya mabuleki a ngolo zokokedwa ndi galimoto, ngolo zimene ambiri timazitcha mathirela. Mwina wina anena kuti, "Ine ndilibe galimoto, ndilibenso thirela, nanga nkhani imeneyi ikundikhudza bwanji?" Musatseke wailesi, bambo, musachoke, mayi. Ngati mumayenda pansi m'mbali mwa msewu, ngati mumapalasa njinga, ngati mwana wanu amakwera ngolo ya thirakitala popita ku ganyu kapena ku maliro, nkhaniyi ndi yanu.

Ndiyambe ndi zimene ndidaona ndi maso anga. Chaka china m'mwezi wa Januwale ndidapita ku Bangula kukajambula mawu a alimi, ndipo ndidapempha malo m'galimoto ya pikapu imene inkapereka matumba a simenti ku mudzi wina wa kumadzulo kwa msewu waukulu. Pikapuyo inkakoka ngolo ya matayala anayi. Popita tidayenda bwino, pakuti ngolo inali yodzaza ndipo nthaka inali youma. Tili kumudziko mvula idagwa, ndipo tidabwerera ndi ngolo yopanda kanthu. Tikuyandikira tala, mbuzi zidadumpha msewu. Woyendetsa, bambo wachikulire wodekha, adaponda buleki pang'ono chabe. Nditacheuka ndidaona ngolo yathu pa zenera la kumanzere, ikubwera cham'mbali ngati ikufuna kutipitirira. Idakaima m'ngalande, pamalo pamene mphindi imodzi yapitayo padadutsa amayi awiri osenza nkhuni. Palibe adavulala. Bamboyo adakhala chete kanthawi, kenaka adaloza kabokosi kakang'ono kamene kanali pansi pa chiwongolero nati, "Aphunzitsi, ndaiwala kutsitsa aka. Kakuyesa kuti simenti ija tikadali nayo."

Kabokosi kameneko ndiko Azungu amakatcha brake controller. Ntchito yake ndi kulamulira mabuleki a ngolo. Mawu a bambo uja ndiwo mutu wa nkhani yathu: kabokosi kameneka, ngakhale kakhale kamakono chotani, kalibe maso. Sikaona mvula, sikaona matope, ndipo kawirikawiri sikadziwa ngati ngolo yadzaza kapena ayi. Maso ake ndi woyendetsa.

MISEWU YA KU CHIGWA

Tiyambe tadziwa malo. Bangula ili pa msewu wa M1 umene umachokera ku Blantyre, kutsika mapiri mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, nkudzera ku Nchalo ndi ku Ngabu, mpaka ku Nsanje ndi ku Marka. Kutsidya kwa Shire kuli Chiromo ndi Makhanga, kumene Ruo amathira m'Shire. Kale njanji ndi msewu zinkalumikiza Bangula ndi Chiromo, koma madzi osefukira a m'chaka cha 1997 adakokolola njirayo. Chotero katundu wolemera wofika ku Bangula wakhala akudalira matayala a pa M1.

Ngolo zoyenda m'derali nzambiri. Pali zonyamula nzimbe kupita ku fakitale ya shuga ku Nchalo, imene idayamba ntchito m'chaka cha 1966. Pali zonyamula thonje, ng'ombe, simenti ndi feteleza. Palinso zonyamula chakudya ndi matenti pa nthawi ya mavuto, monga pa madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi a mu Malichi 2019, pamene anthu zikwizikwi adasonkhana m'misasa ya pa Bangula. Namondwe Ana mu Januwale 2022 adadula M1 m'malo angapo m'boma la Chikwawa, ndipo namondwe Freddy adabwera mu Malichi 2023. Taonani tsono: nthawi imene msewu waipitsitsa ndi nthawi yomweyo imene ngolo zolemera zimafunika koposa. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Matope a ku chigwa sali ngati a kumtunda. Dera la Ngabu ndi malo ena oyandikana nalo lili ndi dothi lakuda lotchedwa makande. M'chilimwe limauma gwa nkung'aluka ming'alu. Likalawa mvula limasanduka ngati sopo. Limamatirira m'mizere ya tayala mpaka tayala latsopano limaoneka ngati lakutha. Mathirakitala otuluka m'minda amalitengera pa tala, ndipo popeza minda ya nzimbe ndi yothirira, matope amapezeka pa msewu ngakhale kumwamba kuli mbee. Madzi osefukira akaphwa amasiya dothi losalala pamwamba pa tala. Mvula yoyamba ya mu Novembala nayonso njoopsa, chifukwa imasakaniza fumbi, mafuta odontha m'magalimoto ndi nzimbe zopondedwa.

CHIMENE CHIMAIMITSA GALIMOTO

Ndili ku sukulu ya uphunzitsi tidaphunzira kuti mwana umamuyambira pa chimene akudziwa. Tsono tiyambire pa njinga. Aliyense wopalasa njinga amadziwa kuti ukagwira buleki mwamphamvu pamatope, tayala limaleka kuzungulira koma njinga siima, imangotsetsereka. Izi zikutiphunzitsa kuti buleki imagwira tayala, koma chimene chimaimitsa galimoto ndi kugwirana kwa tayala ndi msewu. Malo amene tayala la galimoto yaing'ono limakhudza pansi ndi aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Moyo wa onse okwera uli pa zikhatho zimenezo.

Tiyeni tiwerengere. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti sekondi imodzi imene woyendetsa akuona mbuzi, kuganiza, ndi kusuntha phazi, galimoto yapita kale mamita 17. Mabuleki akagwira, pa tala youma ifuna mamita ena ngati 20 kuti iime. Pa tala yonyowa mamitawo akhoza kufika 35 kapena 40. Pa matope oterera akhoza kufika 70. Tsono timangirire ngolo yopanda mabuleki yolemera makilogalamu 1,000 kumbuyo kwa pikapu yolemera makilogalamu 2,000. Matayala a pikapu okha ndiwo ayenera kuimitsa makilogalamu 3,000, ndipo mtunda uja uwonjezeka ndi theka: pamene panali 70 pakhala 105, kutalika kwa bwalo la mpira. Nchifukwa chake malamulo a maiko ambiri amati ngolo yopitirira makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki akeake.

Pali chinthu chachiwiri chimene wa njinga amachidziwanso. Tayala likaleka kuzungulira silingotaya mphamvu yoimitsa yokha, limatayanso njira. Tayala lozungulira limafuna kupita kumene laloza. Tayala lokhukhuluzika limapita kulikonse kumene lakankhidwira, kutsogolo kapena cham'mbali, makamaka kumene msewu wapendekera.

NGOZI ZIWIRI ZA NGOLO

Anzathu a ku chigwa ndi oweta ng'ombe, ndipo amadziwa chimene chimachitika ngolo ya ng'ombe ikamatsika gombe la mtsinje. Ngolo imene inkakokedwa imayamba kukankha, goli limathamangira ku nyanga, ndipo ng'ombe zimapotoka. Galimoto yokoka thirela ili chimodzimodzi. Pali njira ziwiri zimene zinthu zimalakwikira.

Yoyamba ndi pamene mabuleki a ngolo achepa mphamvu kapena achedwa. Galimoto ikuima, ngolo ikubwerabe. Imakankha matayala akumbuyo a galimoto, ndipo ngati matayalawo ali poterera, amatsetserekera kumbali. Galimoto ndi ngolo zimapindana pa cholumikizira ngati mkono pa chigongono. Ngozi imeneyi imachitika mofulumira kwambiri, ndipo ikafika pena palibe woyendetsa angaibweze.

Yachiwiri ndi pamene mabuleki a ngolo achuluka mphamvu. Matayala a ngolo amaleka kuzungulira, ngolo imataya njira, ndipo mchira wake umasesa msewu, kulowa kumbali ya magalimoto obwera kapena kumene kukuyenda anthu. Izi ndizo zidatichitikira ife tsiku lija.

Chotero ntchito ya kabokosi kaja ndi kuyenda pakati pa maenje awiriwa: ngolo igwire mabuleki pamodzi ndi galimoto, mosachepa ndi mosapitirira. Paja liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi. Pa tala youma mpata wa pakati pa maenje awiriwa ndi waukulu, ndipo ngakhale makina ochunidwa molakwika amapulumuka. Pa makande mpatawo umachepa ngati kanjira ka m'munda.

MITUNDU INAYI YA MABULEKI

Mtundu woyamba ndi umene umapezeka pa ngolo zing'onozing'ono zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya. Ulibe kabokosi, ulibe magetsi. Pa mkono wa ngolo pali chitsulo cholowa ndi kutuluka. Galimoto ikachepetsa liwiro, ngolo imakankha chitsulocho, ndipo kukankhako ndiko kumakoka mabuleki a ngolo. Ubwino wake poterera ngwakuti sufulumira kumanga matayala, chifukwa galimoto ikamaima pang'onopang'ono ngolo imakankhanso pang'ono. Kuipa kwake nkwakuti ngolo iyenera kuyamba yakankha kuti mabuleki agwire, ndipo kukankha ndiko timakuopa pamatope. Ndiponso woyendetsa alibe njira yogwirira mabuleki a ngolo paokha.

Mtundu wachiwiri ndi wachitatu ndi ya magetsi, yofala ku America ndi ku Australia, ndipo kuno imabwera ndi alendo oona malo, omanga misewu ndi mabungwe othandiza anthu. M'kati mwa gudumu lililonse la ngolo muli maginito. Magetsi akafika, maginito amamatirira ku chitsulo chozungulira ndi tayala, nakoka kamtengo kachitsulo kamene kamatsegula mabuleki kuti agwire. Magetsi akachuluka mabuleki amagwira mwamphamvu. Chimene chimagawa magetsiwo ndi kabokosi kaja, ndipo timabokosi timeneti tili pawiri.

Koyamba ndi kowerenga nthawi. Kamangodziwa chinthu chimodzi: kuti nyali za mabuleki zayaka. Zikayaka kamayamba kutumiza magetsi, nkumawonjezera pang'onopang'ono kwa masekondi angapo mpaka kufika pa muyeso umene woyendetsa adaika. Sikadziwa ngati phazi laponda pang'ono kapena kwambiri. Ndiko kanali m'pikapu ija. Bambo uja adaponda mosamala monga kuyenera pamatope, koma popeza phazi lidakhalitsa pa buleki, kabokosi kadafikitsa mphamvu yonse yoyenera simenti ku ngolo yopanda kanthu. Pa mitundu yonse, uwu ndiwo wosakhululuka poterera.

Kachiwiri ndi komva kuima kwa galimoto. Taganizani ndowa ya madzi ili pa lole: lole ikaima mwadzidzidzi madzi amathamangira kutsogolo, ikaima pang'onopang'ono madzi amangopendekera pang'ono. Timabokosi takale tinali ndi kachitsulo kolendewera kochita ngati madziwo. Tamakono tili ndi kachipangizo konga kamene kamadziwitsa foni kuti mwaitembenuza. Galimoto ikaima mwamphamvu, ngolo imalandira magetsi ambiri. Ikaima mofatsa, imalandira ochepa. Poterera kabokosi aka kamachita bwino kuposa kanzake, chifukwa pamatope galimoto singathe kuima mwamphamvu, motero nako kamatumiza mphamvu yochepa. Kampani ya Ford ku America idayamba kugulitsa magalimoto ake a Super Duty a mtundu wa 2005 ali ndi kabokosi koikiratu ku fakitale, kamene kamamva mphamvu ya phazi la woyendetsa mwachindunji. Kampani ya REDARC ya ku Australia imapanga kena kokhala ndi njira ziwiri, ina ya pa tala, ina ya m'misewu ya kutchire, imene woyendetsa amasankha yekha mphamvu.

Komabe musanyengedwe. Kabokosi aka kamamva zimene galimoto ikuchita, osati zimene matayala a ngolo akuponda. Pikapu ikakwera pa tala pamene ngolo ikadali pamatope, galimoto idzaima mwamphamvu ndipo kabokosi kadzalamula ngolo kuti ichite chimodzimodzi pamalo pamene singathe. Ngati matayala a ngolo ndi akutha, kabokosi sikadziwa. Ndiponso ngolo zing'onozing'ono zambiri za mabuleki a magetsi zilibe makina oletsa matayala kumangika.

Mtundu wachinayi ndi wa mpweya, umene uli pa malole akuluakulu. Nzeru imeneyi idayambira pa njanji: George Westinghouse wa ku America adapanga mabuleki a mpweya a sitima m'chaka cha 1869, ndipo mu 1872 adawakonza kuti azigwira okha paipi ikaduka. Mukayang'ana kumbuyo kwa mutu wa lole mudzaona mapaipi awiri opotana. Yofiira imadzaza mpweya m'thanki ya ngolo, ndipo ikaduka mabuleki a ngolo amagwira okha. Inayo, yachikasu kapena yabuluu, imanyamula lamulo la phazi la woyendetsa. Pansi pa ngolo zambiri pali valavu yoyeza katundu, imene imaona momwe masipuling'i aphwatalalira, nichepetsa mpweya ngolo ikakhala yopanda kanthu. Kandodo ka valavu imeneyi kakathyoka, ena amangokamanga ndi waya. Atero apha maso okhawo amene ngolo inali nawo, ndipo ngolo yobwerera yopanda katundu idzamanga matayala pa mvula yoyamba.

MAKINA A ABS

Pali makina amodzi amene amayang'anadi tayala lenilenilo. Dzina lake ndi ABS. Kampani ya Bosch idawaika m'magalimoto a Mercedes-Benz m'chaka cha 1978, ndipo adafika pa malole mu 1981. Ku America lamulo lidakakamiza kuti ngolo zatsopano za mabuleki a mpweya zikhale nawo kuyambira mu Malichi 1998. Pa gudumu pali mkombero wa mano ndi kachipangizo kowerenga manowo. Tayala likafuna kuleka kuzungulira, makinawa amamasula buleki nkuigwiranso, kangapo pa sekondi imodzi. Motero tayala limazungulirabe, ndipo ngolo imasunga njira.

Pano pali zinthu zitatu zoti tikumbuke. Choyamba, ABS ya mutu wa lole siteteza matayala a ngolo; ngolo iyenera kukhala ndi yakeyake, ndipo chingwe chake cha magetsi chiyenera kulumikizidwa. Chingwecho chikangolendewera, ngolo yamakono yasanduka yachikale. Chachiwiri, nyali ya ABS ikakhala yoyaka ulendo wonse, ikunena kuti makinawo sakugwira ntchito. Kumata pepala pa nyaliyo si kukonza. Chachitatu, ABS siwonjezera kugwira kwa msewu. Pa miyala yosakhazikika ndi pamatope mtunda woimira ukhoza kutalikirapo. Mphatso yake ndi yakuti muthe kuwongolera pamene mukuima. Mukamva buleki ikunjenjemera pansi pa phazi, musachotse phazi ndipo musapope. Pondanibe ndi kuwongolera.

KUCHUNA KABOKOSI

Tsono ndilankhule ndi inu amene muli ndi ngolo ya mabuleki a magetsi. Pa kabokosi pali nambala kapena kagudumu koonjezera ndi kuchepetsa mphamvu, ndiponso kabatani kogwirira mabuleki a ngolo paokha ndi dzanja. Opanga timabokosi amalangiza motere: pezani malo athyathyathya opanda anthu, yendani pa liwiro la makilomita ngati 40 pa ola, ndipo kanikizani kabatani ka dzanja. Matayala a ngolo akamangika, tsitsani nambala. Ngolo ikapanda kumveka kuti ikugwira, kwezani. Malo oyenera ali pansi pang'ono pa pamene matayala amamangikira.

Chinsinsi nchakuti malo amenewo amasuntha. Nambala yoyenera ngolo yodzaza siyenera ngolo yopanda kanthu. Nambala ya pa tala ya ku Nchalo masana siyenera msewu wa makande madzulo mvula itagwa. Chotero mukatsitsa katundu, tsitsani nambala. Mukachoka pa tala, imani, yesaninso pa liwiro lochepa. Mukabwerera pa tala youma ndi katundu, kwezaninso, pakuti amene watsitsa nkuiwala kukweza wathawa dzenje lina nkugwera m'linzake. Ngati kabokosi kanu kali ndi batani lopangitsa ngolo kuyamba kugwira mwamphamvu, lizimitseni poterera.

Nanga kabatani ka dzanja? Ngolo ikayamba kugwedeza mchira uku ndi uku pa msewu wouma, kugwira mabuleki a ngolo okha mofatsa, phazi litachoka pa mafuta, kumawongola zonse monga momwe chingwe chimawongokera ukachikoka. Koma poterera dzanja likhale lopepuka kwambiri, chifukwa kukanikiza mwamphamvu kumamanga matayala nkuonjezera vuto. Kwa oyendetsa malole amene ali ndi chogwirira mabuleki a ngolo ndi dzanja, langizo ndi lakuti chimenecho nchoyesera mabuleki lole isananyamuke, osati choimitsira pa ulendo. Mukaona pa galasi kuti ngolo yayamba kutuluka mu mzere chifukwa matayala amangika, mankhwala ake ndi kumasula buleki kuti matayala azungulirenso.

Kapakiridwe ka katundu nakonso ndi mbali ya mabuleki. Katundu wolemera akhale pansi, pamwamba pa matayala ndi kutsogolo pang'ono, kuti gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuchepera pang'ono, litsamire pa cholumikizira. Katundu akachuluka kumbuyo, ngolo imanyamula matayala akumbuyo a galimoto ndipo imayamba kuvina. Mgolo wa madzi kapena wa mafuta wosadzaza ngwoopsa, chifukwa madziwo amakankha galimoto itaima kale.

CHITUNDA NDI MADZI

Wochokera ku Blantyre kupita ku Bangula amayamba ndi mayeso aakulu. Blantyre ili pamtunda wa mamita ngati 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene chigwa chili pansi pa mamita 100 m'malo ambiri. Kutsika konseko kumachitika pa msewu wokhotakhota wotsikira ku Thabwa. Mabuleki akagwiridwa kosalekeza amatentha, ndipo akatentha amafooka. Ngolo ya mtundu woyamba uja imavutika koposa, chifukwa potsika imakankha nthawi zonse ndipo mabuleki ake sapuma. Lamulo lakale likadali loona: lowetsani giya yoyendera pang'onopang'ono musanayambe kutsika, osati muli pakati pa chitunda.

Koma apa pali msampha umene ambiri saudziwa. Giya, ndiponso buleki ya injini imene imalira mokweza malole akamatsika, zimagwira matayala okoka okha. Ngolo sizimaikhudza konse, ndipo kabokosi kodikira nyali za mabuleki sikadziwa kuti galimoto ikuchepetsa liwiro. Pa msewu wouma zimenezi nzabwino. Poterera, kutsitsa giya mwadzidzidzi kapena kutsegula buleki ya injini kukhoza kutsetseretsa matayala okoka pamene ngolo yonse ikukankha kumbuyo. Nchifukwa chake mabuku ophunzitsa oyendetsa malole amati buleki ya injini izimitsidwe msewu ukaterera. Njira yotsala ndi imodzi: kuyamba chitunda pa liwiro lochepa kwambiri, kuti pasafunike chilichonse chadzidzidzi.

Kunsi ku chigwa mayeso ndi madzi. Mitsinje yochokera ku mapiri a kumadzulo, monga Mwanza ndi Thangadzi, imadzaza mofulumira. Mukadutsa m'madzi, mabuleki amanyowa ndipo kwa kanthawi sagwira, kapena amagwira mbali imodzi. Yendani pang'onopang'ono mutaponda buleki mopepuka mpaka aume. Yang'anani pulagi ya magetsi a ngolo, pakuti matope ndi dzimbiri zimadula magetsi mwakachetechete. A malole atulutse madzi m'mathanki a mpweya tsiku ndi tsiku. Ndipo madzi akakhala akuthamanga pamwamba pa msewu, dikirani. Ngolo yopanda kanthu imayandama msanga nkukoka galimoto.

MATHIRAKITALA NDI OYENDA PANSI

Sindingatseke osanena za thirakitala, chifukwa ndiyo imanyamula anthu athu ambiri. Mathirakitala ambiri ali ndi mabuleki ku matayala akumbuyo okha, ndipo ngolo yodzaza ikhoza kulemera kuposa thirakitala yoikoka. Zopondera mabuleki zilipo ziwiri, china cha kumanja, china cha kumanzere, zothandiza pokhota m'munda. Potuluka pa msewu zimangidwe pamodzi ndi kachitsulo kake, chifukwa kuponda chimodzi pamatope kumatembenuza thirakitala. Ngati ngolo ili ndi paipi ya mabuleki, ilumikizidwe. Cholumikizira chikhale chitsulo chake chenicheni chokhala ndi chotsekera, osati bawuti yotola. Ndipo inu a mpingo, inu a komiti ya maliro, mukabwereka thirakitala m'dzinja, funsani ngati ngoloyo ili ndi mabuleki musanakweze amayi ndi ana. Kufunsa si chipongwe.

Inu oyenda pansi ndi apanjinga, kumbukani kuti mutu wa lole ukakudutsani ngozi sinathe. Mchira ukubwera, ndipo poterera sutsata mapazi a mutu. Patukani kwambiri, makamaka pa ngodya ndi kumbali kumene msewu wapendekera. Musadumphe msewu kutsogolo kwa galimoto yokoka ngolo poganiza kuti iima monga imaimira m'chilimwe. Ana oweta mbuzi ndi ng'ombe auzidwe zimenezi kunyumba ndi kusukulu.

Kwa eni magalimoto ndinene ichi. Chiphaso cha COF chimachitira umboni za tsiku limene galimoto idayesedwa. Sichidziwa za waya amene wamangidwa dzulo. Ndiponso woyendetsa amene mwamulamula kuti afike ku Nsanje ndi kubwerera tsiku lomwelo mvula ili mkati, mwamulanda chida chake chachikulu, chimene ndi nthawi. Kumbukani chiwerengero chija: liwiro likatsika ndi theka, mtunda woimira umatsika kanayi. Pamene pa makilomita 60 pafunika mamita 70, pa makilomita 30 pafunika osakwana 20. Palibe kabokosi kogulidwa ndi ndalama kamene kangakupatseni phindu lotere.

Tsiku lija ku Bangula, anyamata a m'mudzi atatithandiza kutulutsa ngolo m'ngalande, bambo uja adatsitsa nambala, nayesa kawiri pamatope pomwepo ndi kabatani ka dzanja, kufikira matayala adaleka kumangika. Zonsezi sizidatenge mphindi zitatu. Tidafika pa tala dzuwa likulowa, ndipo amayi awiri aja tidawapitirira akuyenda ndi nkhuni zawo, osadziwa kanthu.

Mvula yayamba, yendani bwino, ndipo tsalani bwino.